Miyendo ya Mwandida

Musandifunse mayina a midzi. Ndinadutsa yambiri, koma ndinali wowerama, ndipo chimene ndinkaona ndi fumbi ndi zala za kumapazi anga. Zaka nazonso sindinawerenge. Ndikungodziwa kuti ndinanyamuka mwana wanga Mwandida akadali kamtsikana ka sukulu, ndipo pamene ndinaima anali namwali.

Anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka ntchafu. Kuchipatala anamugoneka chagada, mwendo ataumangirira ku chitsulo cholemera, ndipo anagona choncho kuyambira mvula yoyamba mpaka anthu atayamba kuotcha chimanga chachiwisi. Fupa linalumikizana bwinobwino. Koma tsiku lomwe anachotsa chitsulocho, ndinavundukula nsalu n'kupeza timabango tiwiri. Uyu anali mwana amene ankasiya anyamata m'mbuyo pothamanga. Mwendo wothyoka ndi wabwino womwe, yonse inali itafota.

Nesi anati, "Muzikayenda naye pang'onopang'ono, mayi." Sananene zambiri, mzere unali wautali.

Tinayesa titafika kunyumba. Mwandida anaponda pansi, mawondo anapinda okha, ndipo anagwa chafufumimba. Kulira kumene analira tsiku limenelo ndimakumvabe. Amayi a pamudzi anathamangira n'kundizungulira.

"Wodwala sayendetsedwa," anatero. "Mnofu uyambe wabwerera, kuyenda n'kwa pambuyo. M'patseni phala, agone."

Kwathu ndi mmene timachitira. Wodwala sagwira ngakhale chikho. Mukamusiya kuti adzitengere yekha madzi, mudzi wonse umadziwa kuti pakhomo panu palibe anthu. Choncho ndinalumbira kuti phazi la mwana wanga silipondanso dothi mpaka miyendo itadzaza. Bambo ake anali atachoka kalekale ndi kachikwama kamodzi, panalibe womufunsa. Ndinatenga chitenje cholimba, ndinam'bereka Mwandida, n'kutuluka kukafuna kumene mnofu umachokera.

Malo oyamba amene ndimakumbukira ndi phiri lopanda mitengo, pomwe amayi ankaphwanya miyala yomangira nyumba. Phokoso tinalimva tisanalione phirilo. Mkulu wawo anali Nagama, mayi wamfupi wopanda mano akutsogolo. Asanandipatse n'komwe moni, anawerama n'kunditsina katumba wa mwendo. Kenaka anatsina wa Mwandida.

"Uyu ndi phala," anatero. "Uyunso ndi phala, koma lamadzi."

"Ndikufuna mankhwala a mnofu," ndinatero.

"Tenga hamala."

Ndinkayesa akundipatsa ntchito kuti ndipeze chakudya, ndipo chakudya ndinkachifunadi. Ndinamangira Mwandida kamthunzi ka masaka, ndinamukhazika, n'kuyamba kuphwanya. Tsiku loyamba ndinaona ngati masewera. Mawa lake mkono unakana kudzuka. Mkuja wake ndinalephera kumanga duku.

"Anagama, miyala yanuyi yandilodza."

Anaseka mpaka nkhama zonse kuoneka. "Mnofu ukudandaula chifukwa waudzutsa kutulo. Usiye udandaule. Lero pumula, mawa ubwere."

Kenaka anapinda manja a bulauzi n'kundionetsa mikono yake iwiri pamodzi. Wakumanzere unali mkono wa mayi aliyense. Wakumanja unali ngati munsi. Akakweza hamala, pansi pa khungu pankayenda kanthu ngati mbewa pansi pa mphasa, kuchokera paphewa kutsikira kuchigongono. Ine sindine munthu wogoma ndi zinthu, koma mkono umenewo ndinkauba ndi maso tsiku lonse.

"Sindinabadwe chonchi," anatero. "Yonseyi imadya m'mimba imodzi. Koma uwu umagwira hamala, uwu umangogwira mwala."

Anandiyambitsa ndi hamala yaing'ono. Itayamba kupepuka m'manja mwanga ndinakondwa, koma iye anailanda n'kundipatsa yolemera.

"Ukaona yapepuka, dziwa kuti mkono wasiya kukula. Sintha."

Zonsezi ndinazimva ngati nkhani za miyala. Tsiku lina ndinacheuka n'kuona Mwandida wadzikhwekhwereza kuchoka pamthunzi, watola hamala yaing'ono ija. Ndinathamanga n'kumulanda.

"Ukufuna anthu aziti mayi ako anamwalira?"

Nagama anaona n'kupitiriza kuphwanya miyala yake. Mvula itayandikira mkono wanga unali utauma gwa, koma miyendo ya mwana inali mabango omwe aja. Ndinati mankhwala kulibe kuno. Potsanzikana Nagama anangoti, "Pita, amake Mwandida. Njira zonse za kuno zimabwerera paphiri lino."

Tinayenda. Tinadutsa midzi ya fodya, midzi ya nzimbe, ndi mudzi wina umene anthu onse anali kumaliro, tinangopeza mbuzi. Sing'anga wina anamutema mphini m'mawondo. Abusa ena anamudzoza mafuta. Mwandida ali kumsana ndiye ankaona dziko. Ankandiwerengera zikwangwani, ine osasamala.

"Amayi, mwamera imvi zitatu."

"Wazibweretsa ndiwe. Gwira bwino."

"Munditsitse ndiyeseko."

"Ukagwanso?"

Pamenepo ankandigwira zolimba m'mapewa, chifukwa kugwa kuja nayenso ankakukumbukira.

Kenaka tinafika m'tauni ina ya zitunda zokhazokha, yodzaza anyamata a kabaza, onyamula anthu ndi katundu panjinga. Ndinapeza ntchito yophika m'chisakasa momwe iwo ankadyera masana. Mwandida ndinkamukhazika pa benchi la pakona. Wamkulu mwa akabazawo anali a Chikalimba, bambo a kapusi yofiira, amene ankakwera chitunda cha kumsika atanyamula matumba awiri a chimanga osatsika panjinga. Anyamata ankaima kumawaonerera. Akatumba awo anali ngati mapapaya, mitsempha ili mbee, ndipo akafika pamwamba ankapuma ngati munthu amene wangochokera kukhonde.

Iwo sakanatsina mwendo wa mkazi. Analoza ndi supuni.

"Pepani mayi, kuyang'ana mwendo wa mkazi wa mwini si khalidwe. Koma inu mumapalasa njinga?"

"Njinga yanga ndi iyo ili pakonayo."

Anayang'ana Mwandida nthawi yaitali. "Amadya chiyani?"

"Phala loyera. Ndi wodwala."

"Wodwala chiyani?"

Ndinawerama n'kukolezera moto. Iwo analoza mnyamata wina amene ankadya mandasi awiri ndi tiyi tsiku lonse, n'kumapalasa mpaka dzuwa kulowa osapuma ngakhale Lamulungu. Anali atatha, buluku likumugwa.

"Mukumuona uyo? Anabwera kuno ali ndi thupi. Njinga imadya munthu, mayi. Ukapanda kuipatsa nyemba, imadya ntchafu zako. Ntchito imagumula, chakudya ndi tulo n'zimene zimamanga. Ndiikireni nyemba, bonya, ndi mazira awiri. Limodzi n'la mwanayo."

"Kwathu mwana wamkazi sadya dzira."

"Chifukwa?"

"Amadzabereka mwana wopanda tsitsi."

A Chikalimba anavula kapusi. Mutu unali wosalala ngati chipanda. "Amayi anga anamwalira asanalawepo dzira," anatero.

Chisakasa chonse chinaseka, ndi Mwandida yemwe, amene ndinali ndisanamve kuseka kwake chichokere kwathu. Dzira analidya. Kuyambira pamenepo ndinkamupatsa zimene akabaza ankadya: nyemba, nandolo, bonya, masamba otendera, dzira likapezeka. Masaya anabwerera. Khungu linawala. Anatalika, analemera, mpaka ndinawonjezera chitenje chachiwiri pomubereka. Miyendo nayo inanenepako, ndipo ndinati basi, mankhwala ndawapeza. Koma ukaidina chala chinkalowa ngati m'nthochi yakupsa.

Ndinawadandaulira a Chikalimba. Anapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Njerwa mwatuta zambiri, mayi. Koma womanga mwamutsekera kunja."

Ine ndinali ndi mapoto otsuka, ndinalibe nthawi ya mikuluwiko. Nyengo yozizira itafika ndinam'bereka mwana wanga n'kuchoka. Chitunda cha kumsika chija ndinachikwera osaima, namwali wathunthu ali kumsana. Anyamata a kabaza anaima kumandionerera. Ndinayesa akuseka umphawi wanga.

Tinayendanso. Tinadutsa midzi ya fodya, midzi ya nzimbe, ndi mudzi uja wa mbuzi, umene ulendo uno anthu onse anali kuukwati. Ndiye tsiku lina tinamva phokoso la mahamala. Linali phiri lomwe lija, koma litafupika, mbali imodzi atalidya. Amayi ophwanya miyala anali achilendo. Anandilozera nyumba yatsopano ya malata m'munsi mwake.

Nagama anali pakhonde, pampando wa khushoni. Mwana wake wamwamuna anali atapeza ntchito yabwino, anam'mangira nyumba, n'kuletsa kuti amayi ake asadzagwirenso ntchito iliyonse. Mpongozi wake, mtsikana waulemu kwambiri, ankamubweretsera madzi atagwada, kumusendera mbatata, kumugwira mkono akafuna kudzuka. Ndinayang'ana mkono wakumanja uja. Khungu linali lendelende. Mikono iwiri ija tsopano inali yofanana.

"Sendera kuno," anatero.

Ananditsina katumba. Zala zake zinaterereka, panalibe pogwira. Anatsina wa Mwandida.

"Uyu ndi mwala. Uyu akadali phala, langothiridwa nsinjiro." Anandiyang'ana m'maso. "Amake Mwandida, wazungulira dziko kufuna miyendo ya mwana wako. Ndi iyi waimirayi. Phazi lililonse limene akanaponda iye, waponda ndiwe. Chitunda chilichonse chinali chake. Iye akamalemera, hamala yako imasintha yokha. Ndiwe wakula."

Kumaso kunanditentha. "Ndiye mukuti ndinamubera mwana wanga?"

"Monga mmene ana anga andibera ine. Ndi ana abwino." Anatsitsa mawu kuti mpongozi asamve. "Ukamapita, undiponyereko mwala umodzi pakhonde pano. Hamala yaing'ono ndinaibisa."

Sindinamuponyere. Ndinamanga chitenje mwaukali n'kuchoka osatsanzika. Ndinamva patapita nthawi kuti sanafike mvula yotsatira. Akuti tsiku lina anafuna kudzuka pampando paja, miyendo inakana, ndipo kuyambira pamenepo anangogona. Mwala umodzi wokha anandipempha. Zimenezi ndimaziganiza kuposa mmene ndimafunira.

Masiku atatu Mwandida sanandilankhule, nanenso sindinamulankhule. Tsiku lachinayi njira inathera pamtsinje waukulu wopanda mlatho. Mvula inali itangotha kumene, madzi ali ambiri koma odekha. Amayi okumba mchenga anali atakoka chingwe kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo, choti owoloka azigwira. Ndinalowa. Madzi anafika m'chiuno, kenaka pachifuwa. Tili pakati, ndinamva zala zikuseweretsa mfundo ya chitenje pachifuwa panga. Ndisanazindikire, msana wanga unapepuka.

Ndinatembenuka msangamsanga. Mwandida sanamire. Anali chiimire, madzi ali m'khwapa, manja onse awiri atagwira chingwe, maso ali tong'o.

"Musandigwire," anatero.

"Wapenga iwe?"

"Amayi, ndikuponda mchenga. Musandigwire."

Mayi wina wokumba mchenga, fosholo ili paphewa, anatiyang'ana ngati zimenezi amaziona tsiku lililonse. "M'siyeni, anzanga. Madzi amanyamulako munthu, koma samunyamula yense. Amam'siyira pang'ono."

Anaponda kawiri, katatu, nkhope itakwinyika. Mawondo anali ataumira chopindika chifukwa cha zaka za kumsana, ndiye ankayenda ngati nkhalamba. Ataponda kachisanu anatopa, ndipo ndinamutulutsa. Tinakhala pamchenga tonse awiri, madzi akuchucha, osayang'anana.

Sitinapitirire. Amayi aja anandipatsa fosholo ndi kachisakasa pafupi ndi gombe. Mawa lake Mwandida anadzuka akulira, ntchafu zikuwawa zoti sungazikhudze. Manja anga anapita okha pachitenje.

"Ndinakuuza. Tiye, tichoke kuno."

Anapukuta mamina. "Mnofu ukudandaula chifukwa ndaudzutsa. Lero ndipuma, mawa ndilowanso. Ndiphikireni nyemba. Dzira lilipo?"

Ndinamuyang'ana kukamwa yasa.

"Inu munkayenda, ine ndinkamvetsera," anatero. "Ntchito ina ndinalibe."

Choncho mwana amene ndinamubereka kuti ndikamufunire mankhwala ndiye anali atawatolera, kwa Nagama pang'ono, kwa a Chikalimba pang'ono, ine ndili kalikiliki kuyang'ana fumbi. Anakonza yekha dongosolo. Tsiku limodzi m'madzi, tsiku lina kupuma. Ndinkaloledwa kumunyamula kuchoka pachisakasa kufika m'madzi basi. Tsiku lopuma ankakhala pamphasa, ine n'kumamuwongola mawondo pang'onopang'ono, iye ataluma nsalu. Ankadya ngati wa kabaza ndi kugona ngati khanda. Ntchito yanga yaikulu inali kusachita kanthu, ndipo pa ntchito zonse zimene ndagwira, yolemera ndi imeneyo. Ndinkakumba mchenga nditamufulatira dala. Akaterereka, amayi aja ankandigwira mkono ine, osati iye.

Hamala sitinachite kusintha tokha, mtsinje unatisinthira. Chilimwe chikamakula, madzi ankaphwa. Anachoka m'khwapa kufika m'chiuno, ndipo thupi lake linayamba kumulemera. Anadandaula, anazolowera. Madzi anatsika kufika m'ntchafu. Anadandaulanso. Atafika m'mawondo anasiya chingwe. Pamene mitengo inkaphuka masamba ofiira, mtsinje wonse unali kamadzi kofika m'mapazi, ndipo Mwandida ankauwoloka yekha kupita tsidya ndi kubwera, kachitini ka mchenga kali m'manja. Kachitini katapepuka anatenga kandowa.

Tsiku lina akudutsa pafupi nane ndinawerama n'kumutsina katumba. Sanali mwala ayi, ndisaname. Koma atakweza chidendene, pansi pa khungu panayenda kanthu ngati mbewa pansi pa mphasa. Ndinamuuza kuti akwezenso. Anakweza. Kanayendanso. Nyemba zimene ndinaphika ndi manja angawa, bonya wa fungo uja, tulo ta pamphasa yong'ambika, zonse zinali zitasanduka kanthu kamoyo kodziwa kunyamula munthu. Ndinakhala pansi pamchenga. Mwandida anafunsa ngati ndadwala. Ndinati mchenga wandilowa m'maso, apitirize ntchito.

Zitenje ziwiri zija ndinazing'amba n'kupota nkhata, zoti azisenzera ndowa.

Tinakhazikika pamtsinje pomwepo. Mwandida amatsimphina pang'ono mwendo unathyoka uja, makamaka kukazizira, koma ndowa ya mchenga wonyowa amakwera nayo gombe osaima, ndipo amuna a malole amasiya kulankhula akamadutsa. Anakwatiwa. Mwana wake woyamba anabadwa ndi tsitsi lambiri loti tinkalipesa.

Zaka zinapita. Ndiye mvula yathayi chibayo chinandigwetsa. Ndinagona mwezi wathunthu ndi masiku. Matenda atatha ndinavundukula bulangete, ndipo ndinazindikira zimene ndinaona. Mabango awiri. Miyendo ija inakwera chitunda cha kumsika inali itapita osatsanzika.

M'mawa wina ndinaona dzuwa likulowera pakhomo, ndipo ndinalilakalaka. Mwandida anali akulowa ndi mbale.

"Mwana wanga, tandibereka ndikaothereko dzuwa."

Anaika mbale pansi. Munali nyemba ndi dzira. Anatenga mpando n'kutuluka nawo, anauika pabwalo, n'kubwerera kudzaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Dzuwa lili apo, amayi. Mapazi khumi."

Amayi oyandikana nafe anali atabwera kudzazonda matenda, atakhala pakhonde. Ndinamva mmodzi akunong'ona kuti ana a masiku ano alibe chisoni, wodwala sayendetsedwa. Mwandida anamva. Sanacheuke.

"Iwe," ndinatero, "ndinakubereka zaka zingati?"

"Ndikudziwa. Ndinali pomwepo."

"Ndikagwa?"

"Ndili pambali panu. Koma sindikugwirani musanagwe."

Ndinamutukwana pang'ono, monga mayi amatukwanira mwana wake. Kenaka ndinagwira khoma n'kuima. Mawondo ananjenjemera. Ndinaona manja ake akufuna kubwera okha, iye n'kuwabweza kumbuyo, kuwagwirizanitsa kumsana zolimba. Manja amenewo ndinawazindikira. Ndinaponda.

Tsiku limenelo ndinafika pa mapazi anayi. Mawa lake ntchafu zinadandaula, ndinazisiya zidandaule. Lero ndafika pamtengo wa gwafa wa kumapeto kwa bwalo, ndipo mpando wausunthanso. Mawa ndi tsiku lopuma. Mkuja akuti tikupita kumtsinje, madzi akadali m'chiuno.